Nthambi za Mtengo wa Kuseri kwa Khola

Luso lomezanitsa mitengo ndinaliphunzira kwa mlangizi wina wa zaulimi amene anakhalako ku Thambani zaka ziwiri asanasamutsidwe. Umafesa mandimu m'machubu, chifukwa mizu ya ndimu ndi yopirira. Mbande ikanenepa ngati pensulo, umacheka khungwa lake, n'kulowetsamo diso lochokera ku nthambi ya manachesi okoma, n'kumanga ndi kapulasitiki. Tsinde limakhala la ndimu, koma chipatso chimatsata diso lomwe waikapo. M'mudzi mwathu wodziwa ntchitoyi ndinali ndekha.

Masiku amenewo munthu ankayamba wacheuka asanalankhule. Ine tsiku lina ndinaiwala. Pa maliro ena ndinadandaula za kukwera kwa feteleza, ndipo aneba anga, amene tinkakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi, anakandinenera kwa akuluakulu a chipani kuti ndanyoza boma. Ananditsekera ku Mwanza milungu itatu, nyengo yothyola manachesi. Pobwerera ndinapeza ambiri atayoyoka n'kuwolera pansi.

Mgonero wa Ambuye utayandikira, akulu a mpingo anatiyitana awirife, pakuti kwathu okangana safika pa gome asanagwirane chanza. Anebawo anati iwo anangofunsidwa n'kuyankha. Ine ndinati ndakhululuka. Tinagwirana chanza, ndipo ndinkayesa kuti ndanena zoona.

Patapita chaka anebawo anafika pakhomo panga, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, ndafesa mandimu makumi atatu, koma manja angawa ndi a khasu basi. Simungandimezanitsireko?"

"Ndibwera Loweruka," ndinawayankha.

Lachisanu ndinatenga mpeni kukadula nthambi. Mitengo yokoma ndinali nayo yambiri. Koma kuseri kwa khola kunali umodzi wobala manachesi owawasa, ouma m'kati, odzaza njere, oti ngakhale mbuzi zinkangowanunkhiza n'kudutsa. Masamba ake sankasiyana ndi a mitengo inayo. Sindikumbukira kuti ndinalimbana ndi maganizo. Ndinangopita kumeneko, ndinadula, ndinakulunga nthambizo m'chiguduli chonyowa.

Ntchito ndinaigwira mwaluso, ndipo maso onse anagwira kupatula awiri. Anandipatsa nkhuku, ndinakana. Nkhaniyo inafika kutchalitchi, moti mlaliki wina ananditchula pa guwa ngati chitsanzo cha munthu wobwezera chabwino pa choipa. Ndinaweramitsa mutu, anthu n'kumati ndi kudzichepetsa.

Malemba amanena kuti mtima wa munthu ndi wonyenga, woti ngakhale mwini wake sangauzindikire. Mawu amenewa ndinkawawerenga kuyambira ubwana, koma ndinkayesa kuti amanena anthu ena, akuba ndi oledzera. Ine sindinkamwa, sindinkajomba kutchalitchi. Ndipo tchimo langa linali losagwidwa. Mitengoyo ikanabala zowawasa patapita zaka zitatu kapena zinayi, mwini wake akanaloza dothi kapena mvula. Choncho ndinapitiriza kudya Mgonero zaka ziwiri.

Sindinalote loto, sindinamve liwu lililonse. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinadutsa pamunda pa aneba aja. Ndinawapeza ndi akazi awo akutunga madzi kudambo, ndowa imodzi imodzi, kukwera nayo chitunda, kuthirira mtengo uliwonse. Bambowo atandiona anandikodola.

"Taonani ana anuwa mmene akulira! Ikadzabala iyi, madalaivala a pa malire adzandidziwa dzina."

Kuyambira tsiku limenelo pemphero linayamba kundiumira pakamwa. Ndikunena zoona, choyamba sindinapemphe mtima watsopano. Ndinapempha kuti Mulungu asandutse mitengo ija ikhale yokoma, nkhani ithere pomwepo, dzina langa likhale momwe linalili. Ndinapemphera chotero milungu ingapo. Koma ine mwini ndinkadziwa ntchito yanga: chipatso sichisintha diso likadali lomwelo. Pamafunika mpeni. Amene analonjeza kuchotsa mtima wamwala n'kuika wamnofu sananene kuti adzapaka mwalawo utoto. Chimene ndinkachitcha kukhululuka chinali kugwirana chanza chabe. M'katimu ndinali ndisanakhudzidwe, ndipo sindikanatha kudzisintha ndekha, monga momwe ndimu singadzimezanitsire yokha. Apo m'pamene ndinapempha choyenera. Yankho lake silinali chimwemwe ayi. Kunali kulephera kukhalanso chete.

Ndinapita kwa aneba aja m'mawa, ndinawapeza akunola khasu, ndinawauza zonse ndili chiimire. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chisangalalo.

"Ndiye zaka ziwiri zonsezi ine ndi mayi kunyumbaku takhala tikuthirira chidani chanu?"

"Ee."

"Ine ndinakulakwirani ndi pakamwa, mudzi wonse ukudziwa. Inu mwandibwezera ndi mpeni, kwinaku mukuyimba nyimbo za Mulungu. Mfiti ndani pamenepa, achimwene?"

Ndinangoti mitengoyo ikhoza kudulidwa mitu n'kumezanitsidwanso, ngati angandilole.

Sanandilole tsiku limenelo. Anakanena kwa akulu a mpingo, ndipo anachita bwino. Anandiimitsa pa Mgonero miyezi isanu ndi umodzi. Ena ankati ndikanangokhala chete, nanga ndani akanadziwa. Akazi anga anatha sabata yathunthu akundilankhula za chakudya zokha.

Manachesi atayamba kupsa, anebawo anafika pakhomo osagogoda, osakhala pansi.

"Tengani mpeni wanu uja. Koma kodula nthambi tipitira limodzi."

Tinalowa m'munda mwanga. Pa mtengo uliwonse umene ndinaloza, ankathyola nachesi, kusenda, kulawa, kulavula njere, osandiyang'ana. Pa wachinayi anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Uwu. Dulani ndikuona."

Ndinadula akuona.