Denga la atsikana ku Mphamba

NyaZimba, lero ndadutsa pasukulu ya atsikana imene munkaifunira thandizo m'ma 1990. Ndakumbuka chaka chimene mphepo inasasula denga la nyumba yawo yogona mvula ili pafupi, moti ana akanabwezedwa kwawo. Ndinakukwezani panjinga mpaka ku Magodi, kwa mkulu wa ng'ombe zambiri amene anali atawakana kale aphunzitsi. Inu simunapemphe kanthu. Munakhala pamphasa ndi akazi ake, n'kumaswa nawo nshawa. Nditanong'ona kuti dzuwa likupita, munati, "A Tembo, khalani pansi, lero tabwera kudzacheza."

Tinabwererako kangapo, mpaka mkuluyo anabwera yekha kudzaona nyumbayo, nagulitsa ng'ombe kuti tigule malata. Chaka chimenecho palibe mtsikana amene anasiya sukulu. Gonani bwino, mkazi wanga.