Chisoti Chimene Tinapanga ndi Apongozi

Nditakwatira tinamanga kanyumba ku Silverest, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakwera minibasi kupita ku ntchito ku Lusaka. Loweruka ndinali ndi kamsala kanga: kupanga zinthu zofanana ndi za m'mafilimu a anthu oyenda m'mlengalenga. Chaka chimenecho ndinkapanga chisoti cha woyendetsa chombo, choti ndikavale kumsonkhano kumene okonda mafilimuwa amavala ngati anthu a m'filimu.

Chisoticho ndinachiumba ndi pulasitiki ndipo chinaoneka bwino, kupatula tizitsulo ta m'mbali. Panafunika mphete ziwiri m'makutu, timapaipi pachibwano ndi kobulungira kotembenuza. Ndinayesa kupaka penti yasiliva pa zitsekerero za mabotolo, koma zinkangooneka zidole. M'masitolo a zitsulo m'tauni ankandifunsa kuti, "Ni va motoka yabwanji?" Ndikafotokoza, ankaseka n'kuitana wina wogula.

Mkazi wanga ndiye anati, "Bwanji osapita kwa atate?"

Atate akewo anagwira ntchito zaka zambiri yokonza mathirakitala ndi mipope pafamu ina kufupi ndi mishoni ya Kasisi. Atapuma anamanga shedi yamalata kuseri kwa nyumba, m'mene munadzaza zitsulo zimene ena anataya. Ndinkawaopa. Zokamba zathu zinkathera pa moni ndi mvula. Ndiye ndikawauze bwanji kuti mwamuna wa mwana wawo amaseweretsa zisoti?

Ndinapitabe. Ndinawapeza akunola khasu, ndinanjuta chapatali, n'kuwapatsa foni ndi manja awiri kuti aone chithunzi. Anavala magalasi, nayang'ana nthawi yaitali.

"Apongozi," anandiitana motero, monga nanenso ndimawaitanira, "aka kotembenuza kagwira nchito yanji?"

"Palibe, apongozi. Ni kokongoletsa chabe."

"Iyai. Munthu ali kumwamba kulibe mphepo, apema bwanji? Aka ni kotsegulira mphepo. Paipi iyi ibweretsa, iyi ichotsa." Anandibwezera foni. "Bweretsani chisoti."

Loweruka lotsatira ndinapeza atayala kale zinthu pathumba. Panali timbale ta aluminiyamu ta m'makina akale opatulira mafuta a mkaka, amene mnzawo wa ku Palabana anawapatsa atathyoka chogwirira. Panali timapaipi ta mkuwa ta mu injini ya thirakitala, ndi kotembenuza ka sitovu ya palafini. Ndinayika kambale kamodzi pakhutu la chisoti, ndipo kanakhala ngati kanapangidwira pomwepo. Ndinatulutsa guluu m'thumba mwanga.

Anandigwira dzanja, koyamba chikwatirireni. "Chitsulo sitimamatika monga pepala."

Choncho ntchito imene ndinkaganiza kuti itha masana amodzi inatenga miyezi iwiri. Anandiphunzitsa kudula aluminiyamu ndi sowo osaipinda, kuboola pang'onopang'ono, ndi kugwira tupa moti idye popita pokha. Mphete iliyonse inamangidwa ndi timabawuti tinayi. M'kotembenuza muja anaikamo kasipuling'i ka buleki ya njinga, kuti ukakapotoza kazilira kuti te, te, te. Palibe akanamva kulirako m'chipwirikiti cha msonkhano, koma iwo anati wovalayo adzamva.

Chitsulo chilichonse chinali ndi nkhani yake. Timapaipi tija tinachokera m'thirakitala imene inawamira m'dambo, naigonera masiku awiri kuopa kuti anthu angaichotse matayala. Sitovu ija ndi imene anagula atangokwatira. Apongozi aakazi ankabwera ndi chakumwa cha munkoyo m'jagi, kuima pakhomo n'kupukusa mutu. "Madala awiri," ankatero, "mbuzi zili m'munda wa eni ake, imwe muli ku mwezi."

Ine ndi apongozi aamuna tinasemphana kamodzi kokha. Tsiku lomaliza ndinapeza atapukuta tizitsulo tonse ndi phulusa mpaka kumadziona nkhope. Koma m'filimu chisoticho ndi chakale, chokalikakalika, cha munthu wovutika. Iwo atapita kukamwetsa ng'ombe, ndinatenga sandipepa n'kuyamba kukanda paliponse. Atabwera anayang'ana mmene ndinakandira. Ndinaona kuti zawapweteka, ndipo ndinachita manyazi kwambiri. Ndinafotokoza mwachibwibwi kuti chiyenera kuoneka chogwiritsidwa ntchito.

"Mukanakamba," anatero motsitsa mawu. Anakhala pabenchi, natembenuza chisoticho m'manja. "Koma mwakanda monga nkhuku. Chinthu sichikalamba paliponse."

Anatenga sipanala yawo yakale n'kundionetsa. Pogwira panali posalala ndi powala, m'makona munali mwakuda. Kenako anandiuza kuti ndivale chisoticho, ndichivule, ndichiike pansi, ndipotoze kotsegulira mphepo, kangapo konse, iwo akuyang'ana pamene zala zanga zinkafika. Pamenepo ndi pamene anasalaza. M'mphepete mwa mabawuti anapakamo oyilo wakuda wa mu injini n'kupukuta ndi chala. Kumbuyo anamenyako kamodzi ndi nyundo yaing'ono, ati khomo la chombo ndi lalifupi, munthu sangalephere kugundapo mutu.

Kumsonkhano anthu anandizungulira. Ambiri ankafunsa kuti tizitsuloto ndinaitanitsa kudziko liti, ndipo ndinkayankha kuti ku Chongwe, kwa apongozi anga. Ndinajambula zithunzi zambiri n'kupita nazo kwa apongozi aamuna Lamlungu, Misa itatha. Anaziona zonse osamwetulira, koma ndinamva pambuyo pake kuti anabwereka foni ya mwana wawo n'kukaonetsa anzawo a m'kwaya.

Masana omwewo anapempha kuti aone filimu yeniyeniyo. Tinaika laputopu pampando pansi pa mtengo wa mango. Zankhondo ndi kuwombana sizinawakhudze, moti ndinkaganiza kuti awodzera. Koma chitseko cha chombo chitatseguka anadzuka.

"Bwezani kumbuyo."

Ndinabweza. Anasendera pafupi, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Chitseko chikulu so, mahinjesi awiri chabe? Aya sangafike na Khirisimasi."

Apongozi aakazi anaseka mpaka kukhetsa misozi, koma iwo anali atatola kale kamtengo, akujambula pansi mmene chitsekocho chikanamangidwira.