Wodula Nyama ndi Nsomba ya m'Bafa

Ntchito yanga ndi yodula nyama. Ndinaiyamba ndevu zisanamere, ndipo lero imvi zafika mpaka m'makutu ndidakali kuseri kwa kauntala yomweyo, epuloni pamimba, macheka kumanja, sikelo kumanzere. Bambo anga anali telala ndipo ankafuna kuti ndidzatenge makina awo. Atandipatsa buluku la munthu kuti ndipinde m'miyendo, ndinasoka mwendo umodzi n'kuutseka ngati thumba. Analiyang'ana bulukulo kwa nthawi, kenako anati, "Mwana iwe, manja ako ndi ophwasula, si olumikiza." Sabata yomweyo anandiperekeza kwa mnzawo amene anali ndi butchala, ndipo sindinachokekonso.

Makasitomala amanditchula kuti a Chikwanje. Dzinali linabwera chifukwa fupa la mwendo wa ng'ombe ndinkalidula kamodzi, osabwereza, makamaka m'butchala mukakhala anthu oti aone. Ndinkalikonda dzinali. Mumsewu ndinkayenda motambasula mapewa ngati munthu amene ng'ombe zikamuona zimathawira kuphiri.

Zoona zake n'zakuti ine ndi ng'ombe timakumana nkhani itatha kale. Nyama yathu imabwera m'mawa pagalimoto yozizira, yosendasenda, yopanda mutu, yopanda ziboda, chidindo pantchafu. Ine ndimangoipachika n'kuyamba kugawa. Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanaphepo chinthu choposa mphemvu. Kunyumba alendo akabwera ndi nkhuku yamoyo, ndinkakumbukira mwadzidzidzi kuti tayala la njinga yanga likufunika kupopa, ndipo ndinkabwerako nthenga zitatayidwa kale. Akazi anga ankadziwa, koma ndi munthu wosunga chinsinsi mpaka tsiku loti chiwathandize.

Alamu anga, achimwene awo a akazi angawo, ndi amisiri a zamagetsi. Kale anali alenje. Anali ndi mfuti ya chilolezo, ndipo nyengo yosaka ikakwana ankalowa m'tchire n'kubwera ndi nkhanga, nthawi zina gwape. Mfutiyo anaisiya. Iwo amati mtima ndiwo unawaletsa, mlongo wawo amati ndi maso. Atasiya uzimba anayamba kuwedza kudamu lina kunja kwa tauni, koma nkhani za m'tchire sanazisiye.

Lamlungu lina masana anabwera kudzadya nafe. Patebulo panali nthiti zimene ndinasankha ndekha. Alamu anali pakati pofotokoza za gwape wina amene anamulondola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ine, mimba itakhuta, ndinamva nzeru zikundiyabwa.

"Koma alamu, simuona kuti ndi nkhanza?" ndinatero. "Nyama ili kwawo, sinakulakwireni, inu mwavala nsapato kukaipha. Njala mulibe. Mukungokondwa ndi imfa ya chinthu."

Anaika fupa m'mbale n'kupukuta zala. "Mwini wa nthiti izi anakulakwirani chiyani?"

"Imeneyo ndi ntchito. Anthu ayenera kudya."

"Nanga ine gwape ndinkamutengera kutchalitchi? Ndinkadya, alamu. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinkamuona ali moyo. Wa bere ndinkamusiya, wamng'ono ndinkamusiya. Inu mumasankha chiyani? Mumangolandira zimene anzanu apha."

"Ine magazi ndimasamba tsiku ndi tsiku," ndinayankha. "Kupha si chinthu choti n'kundiopseza nacho."

Akazi anga anatsokomola, n'kunyamuka kukatenga madzi amene anali kale patebulo.

Amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga ndinaupeza tsiku langa lopuma litafika, alamu ataimika galimoto yawo pakhomo, kumbuyo kuli ndodo za mbedza ziwiri. Anati nsomba imene tikukafuna ndi ija ya kukamwa kwakukulu, yobiriwira pamsana, imene anthu a mbedza amaitchula kuti basi. Akazi anga anafunsa ngati imaima pa siteji iliyonse, n'kutilongedzera buledi ndi tiyi m'fulasiki.

Damulo linali la phee, m'mbali muli bango, pakati pali mitengo youma yoimirira m'madzi. Vuto langa linayambira pa nyongolotsi. Nditaibaya ndi mbedza inadzipinda n'kundikulunga chala, ndipo ndinaitaya pansi. Ndinati dzuwa likundithobwa m'maso, alamu n'kundiikira nyamboyo.

Iwo anakola nsomba yaing'ono, anaichotsa mbedza ndi manja onyowa n'kuibwezera m'madzi. Anakolanso ina yotupa mimba, anati ili ndi mazira, nayonso anaibweza.

"Ndiye mwaiboola mlomo n'kuiuza kuti pitani bwino?" ndinawafunsa.

"Bola mlomo kusiyana ndi chiwaya," anatero. Koma sanandiyang'ane, ndipo ndinaona kuti pamenepo ndawagwira pang'ono.

Dzuwa litakwera ndinayamba kusinza, buledi ali m'manja. Ndodo yanga inangoti gwedeee, nsonga n'kulowa m'madzi. Ndinaigwira mwamwayi. Chinthu chija chinakokera kumitengo, ine ndikukokera kumtunda, alamu akundiuza kuti ndimasule chingwe pang'ono, ine ndikumva ngati akuti ndikoke. Ndinaterereka n'kukhala pansi m'matope, ndipo kugwa kumeneko ndi kumene kunaitulutsa nsombayo. Inali yaitali ngati mkono wanga kuchokera pachigongono, kukamwa koti chibakera n'kulowamo. Ngakhale alamu anali asanakolepo yotero.

Anandipatsa kamtengo kakafupi, kolemera kumutu. "Pamwamba pa maso, kamodzi. Musaizunze. Za kamodzi si ndi zanu, a Chikwanje?"

Ndinagwada n'kuipanikiza pa udzu. Inali yozizira, yamphamvu, ikutsegula ndi kutseka pakamwa. Diso lake linali pa ine, kapena ndi mmene ndinaonera. Nyama zonse zimene ndinadulapo zinalibe diso. Dzanja linakwera m'mwamba n'kukhala komweko.

"Alamu," ndinatero, "nsomba ngati iyi siphedwa ndi chikuni. Ndikaikonzera kunyumba ndi mipeni yanga, ifike patebulo ili yatsopano."

"Ipheni kapena ibwezeni. Njira ndi ziwiri zokha."

Kuipha ndinalephera. Kuibweza sindinafune, chifukwa ndinkafuna kuti anthu a mumsewu mwathu aione. Ndinatunga madzi m'ndowa, n'kuilowetsamo mchira utapindika, ndipo njira yonse ndinakhala kumbuyo kwa galimoto nditakumbatira ndowayo, madzi akundikhavukira pachifuwa.

Nyumba yathu ili ndi bafa lalitali lija munthu amagonamo, limene anasiya amene ankakhalamo kale. Ndinatsegula mpopi, n'kuikamo mlendo wanga. Inazungulira kawiri, n'kukaima pakona.

"Mpeni ndikupatseni uti?" anafunsa akazi anga ali pakhomo.

"Ipume kaye. Nyama yotopa sikoma."

Mawa lake ndinati mipeni yonse yabuntha. Mkuja wake ndinati nsomba yotere imafuna Lamlungu. Panthawiyi n'kuti tonse tikusambira m'beseni, titanyonyomala pambali pa bafa, nsomba ikutiyang'ana. Akazi anga anati pa ukwati wathu sanalonjeze zovula pamaso pa alendo.

Ndinaitengera chiwindi chabwino kuntchito, n'kuchidula tizidutswa tofanana bwino. Sinachinunkhize n'komwe. Ndinayesa nyama yogaya, madzi anangoda. Ndinaimbira foni alamu ngati ndikungofunsa za moyo, kenako ndinalowetsa nkhaniyo.

"Idakali moyo?" anatero. "Alamu, imeneyo ndi mlenje. Imadya chimene chikuyenda. Tinsomba, achule, nyongolotsi. Zakufa kale ndi zanu."

Choncho ine, munthu amene ndinkalalikira za nkhanza patebulo, ndinapezeka ndili m'dimba la maluwa la akazi anga ndi kachitini, ndikukumba nyongolotsi zokapereka nsembe. Kuti mmodzi akhale ndi moyo, ena ambiri anayenera kupita, ndipo woweruza ndinali ine. Aneba anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati ndataya mphete. Nsombayo inameza ziwiri, zina zinangomira pansi pa bafa.

Kuntchito manja anayamba kulemera. Ndikagwira ntchafu ya ng'ombe ndinkaganiza kuti iyinso inali ndi diso, ndipo pena pake pali munthu amene analiona m'malo mwanga. Ndinkadula pang'onopang'ono mpaka mzere unafika pakhomo. Abwana, mwana wa mnzawo wa bambo anga uja, anandifunsa ngati ndadwala malungo. Ndinati kunyumba kuli matenda, ndipo sindinaname kwenikweni.

Nsomba ija inkafooka ndikuona. Kubiriwira kwa pamsana kunatha, inatuwa, m'zipsepse munayamba zoyera ngati nkhungu. Madzi a pampopi si madzi a m'damu. Ndinkawasintha m'mawa ndi madzulo, koma tsiku lina nditaweruka ndinaipeza itapendeka chammbali, pakamwa pali pamwamba pa madzi, ikupuma movutikira. Ndinakhala m'mphepete mwa bafa nsapato zili kuphazi.

Akazi anga anabwera n'kuima pambuyo panga. Sanaseke.

"Abambo, ichi mukuchiyesa chifundo? Kudamu ikanafa kamodzi. Kuno mukuipha pang'onopang'ono ngati inakuberani kanthu."

"Mawa ndikaibweza kwawo."

"Mawa ikhala ili chagada. Ngati simungathe, ndipatseni ndichite ndine, monga ndimachitira ndi nkhuku zija inu mukakhala kopopa njinga."

Zaka zonsezo anali asanatchulepo za njingayo. Ndinavula wotchi, n'kupinda malaya.

Ndinaitulutsa panja, pasimenti pochapira zovala, n'kutenga mpini wa nyundo. Ndikanakonda kunena kuti ndinamenya kamodzi. Koyamba ndinatsinzina, mpini unatsetsereka n'kugunda pambali, nsomba inadumpha. Kachiwiri ndinayang'ana, n'kumenya pamene alamu anandiuza. Inanjenjemera pang'ono, basi. Ndinakhala pandowa yovundikira, akazi anga n'kundibweretsera madzi akumwa.

Chodabwitsa n'chakuti itangofa, manja anga anabwerera. Ndinapala mamba, ndinatumbula, ndinachotsa minga, mpeni ukuyenda wokha. Apa inali itasanduka ntchito yanga ya masiku onse. Akazi anga anaithira mchere, adyo ndi mandimu, n'kuikazinga, ndipo anatumiza uthenga kwa achimwene awo kuti abwere asanadye.

Ndinakonza zongolawa pang'ono ndi nkhope ya pamaliro. Koma mnofu wake unali woyera, wogwirana, wosanunkha matope, khungu lake lokhukhuta bwino. Ndinatenga kachidutswa, kenako chidutswa, kenako ndinapezeka ndikukangana ndi alamu za mutu. Chimene chinandipweteka kwambiri pa nkhani yonseyi n'chakuti nsombayo inali yokoma.

"Yaonda," anatero alamu akutafuna. "Mukanaipha tsiku lomwe lija ikanakhala ya mafuta." Anameza, kenako anawonjezera motsitsa mawu, "Nditapha gwape wanga woyamba ndinasanza. Musakauze anthu."

Ntchito sindinasiye, nyamanso sindinasiye. Chimene ndinasiya ndi kulalikira patebulo. Masiku ano ndikapuma ndimapita nawo kudamu. Nyongolotsi ndimaika ndekha, nkhope nditaikwinya. Ndikakola yoyenera ndimatenga imodzi yokha, n'kuimaliza pomwepo pa udzu, maso ali otsegula. Ngati n'koyenera kuti munthu wokhuta azipita kukavutitsa nsomba kwawo, sindikudziwa mpaka lero. Ine ndimati tating'ono timene timaboola milomo n'kutibweza sitinapemphe masewerawo. Alamu amati ng'ombe zanganso palibe anazifunsa. Timakangana choncho mpaka tiyi atatha.

Maso a alamu akupitirira kufooka, moti mbedza ndimawamangira ndine, koma pakamwa pawo pali bwinobwino. Tsiku lina ndinawapeza atasonkhanitsa anzathu owedza pansi pa mtengo, akuwafotokozera za ine. M'nkhani yawo nsomba ija inali itakula kufika paphewa, inakhala m'bafa mwezi wathunthu, ndipo ine ndinkaiyimbira nyimbo kuti igone. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Za kukula kwake sindinatsutse, za mwezi ndinazilekerera. Koma pa nyimbo ndinaona kuti mbiri yanga ikuwonongeka.

"Alamu, musanamize anthu," ndinatero. "Sindinaiyimbirepo. Ndinkangocheza nayo."