Kadontho Kamene Ndinapala ku Mlare

Cholembera chija ndikadali nacho, chojambulira mapu, cha mlomo wonga singano. Inki yake ikauma sifufutika, umachita kupala ndi lezala.

Ndinabwera ku Karonga kuchokera ku Ntcheu kudzagwira ukalaliki. Akumpingo atamva kuti ndimatha kujambula, anandipempha ndilembe mzere pamapu woonetsa pomwe Chitumbuka chathera ndi pomwe Chinkhonde chayambira, kuti mabuku atsopano a nyimbo asasochere. Ndinayenda m'matchalitchi n'kumafunsa anthu mmene amathokozera. Wonena "yewo" m'Chitumbuka ndinkamuikira kamtanda, wonena "ndaga" m'Chinkhonde kadontho.

Ku Mlare onse anali a "yewo", kupatula mayi ena ogulitsa nthochi, amene anakwatiwa kumeneko kuchokera ku Iponga, dera la Ankhonde. Kadontho kawo kanali kokhakokha pakati pa timitanda, kakundiwonongera mzere. Ine ndi mapu auve sitimwerana madzi. Ndinatenga lezala n'kukapala, mzere unayenda bwinobwino, ndipo ndinanyada nawo.

Mabuku atagawidwa, mayi aja anandipeza panja pa tchalitchi.

"Tata, langa la Chinkhonde lili kuti? Ana wanga akulira kuno, nyimbo za kwathu sazidziwa. Nifuna aniimbire imodzi tsiku loniika."

"Mayi, mapu akuti ku Mlare kulibe Ankhonde," ndinatero, mochita kuseka. "Koma ndikupezerani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osaseka. "Ndaga, tata."

Sindinadwale, sindinasamuke. Ndinangoiwala basi, chonsecho mabuku otsala a Chinkhonde anali mu katoni ku Boma, pafupi ndi ofesi yanga. Mayi aja anamwalira mpunga usanakololedwe.

Kumaliro ndinapita. Kwaya inaimba bwino, Chitumbuka chokhachokha. Kumanda mwana wawo wamkazi anayambitsa nyimbo imene ankaimva kwa mayi ake, koma mawu anamuthera pa ndime yoyamba. Anabwerezanso, anathera pomwepo. Palibe amene anaipitiriza. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanandichoke.

Mpaka lero, wogulitsa pamsika akati "ndaga", ndimacheuka ngati ndiona dengu la nthochi la mayi aja.

Mapu aja ali m'sutikesi. Ndikawakweza padzuwa, pa Mlare pamawala kamalo koyera. Chaka chatha ndinatsuka cholembera, ndinathiramo inki, kuti ndibwezeretse kadontho kawo. Pepala linali litapyapyala kwambiri pamene ndinapala paja. Mlomo wa cholembera unangoboola.