Katoto wa Kuseri kwa Khola

Chaka chimene fodya anatikhumudwitsa ndi chimene ndinaganiza zopita ku Mzuzu. Mnzanga wa kutchalitchi anandinong'oneza kuti malo ena odyera kumeneko akufuna wophika, ndipo sindinadikire kuti auzenso wina. Bambo a mwana wanga anali atatisiya, tomato wanga ankangovundira pabenchi mumsika wa Mitundu. Tadala, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali asanayambe sukulu. Ndinakamusiya ku Nathenje kwa akulu anga.

"Pita, Esinati, pano mwana sagona ndi njala," anatero.

Za njala sindinkadandaula. Kwathu akulu a mayi ako nawonso ndi amayi, ndiye mantha anga anali oti mwanayo adzakhuta ndi amayi amenewo, ine n'kusanduka mlendo wobwera ndi shuga pa Khirisimasi.

Mzuzu anandilandira ndi mvula yamawawa komanso kuzizira kolowa m'mafupa. Kwathu ukasokonezeka umangokweza maso, phiri la Bunda limakuuza pamene uli. Kumeneko chifunga chinkabisa zonse, misewu n'kumangokwera ndi kutsika. Tsiku lina ndikuweruka ndinasochera, ndipo ndinaimitsa njinga ya kabaza, imene iwo amati sakaramento. Ndinafunsa njira mwachikwathu.

"Mundisiye pafupi ndi mayi wonenepa uja wogulitsa nthochi."

Mwini njinga anaseka mpaka kutsokomola. "Mama, onenepa a nthochi muno ndi ambiri. Tchulani malo. Katoto? Chibavi? Luwinga?"

Mainawo kwa ine anali phokoso chabe. Ndalama ya ndiwo inathera pozungulira tawuni, ine kumbuyoko ndikunamizira mvula kuti ndiyo yandinyowetsa m'masaya.

Kenako ndinapeza nzeru yangayanga. Msika waukulu ndinautcha Mitundu. Depoti, chifukwa cha mkokomo wa maminibasi, inakhala Nathenje. Katoto, kumene kunali ntchito, ndinati ndi Malingunde. Kachipinda kanga ka lendi ku Chibavi, kochepa kuposa khola la mbuzi, ndinakapatsa ulemu wotchedwa kwathu. M'mawa ndinkayenda ndikulankhula chamumtima kuti ndadutsa Nathenje, Mitundu ndamusiya kumanzere, Malingunde ndi uyo. Sindinasocherenso.

Lamulungu lililonse ndinkaimba foni. Ndalama ndinkatumiza, ngakhale miyezi ina zinali zochepa zochititsa manyazi. Chondipweteka chinali Tadala. Akamupatsa foni ankangopumiramo. Posowa chonena ndinkamusimbira za tsiku ndinasochera lija, kenako njira yanga yonse ya kuntchito, ndi maina ake enieni a ku Mzuzu.

"Ukundimva, Tada?"

"Eee."

Basi, mawu ake anali omwewo. Tsiku lina ndisanadule ndinamumva akufunsa akulu anga kuti, "Amayi, ndibweze foni?" Ndinalira, sindibisa, ndipo chakudya tsiku limenelo sichinalowe.

Patapita zaka zingapo, malo odyera aja atatsekedwa, ndinalongedza kubwerera. Nditatsika minibasi pa Nathenje, mwana wa pomwepo ine ndinaima kakasi. Mashopu atsopano anali atatseka kanjira kathu, mtengo wa mango umene ndinkakhoterapo anali ataudula. Wakabaza wina anandifunsa ngati ndine mlendo, ndipo ndinamuyang'ana moti sanafunsenso.

Tadala ndinamupeza atatalika, miyendo ngati ya malemu bambo ake. Anagwada patali, nandipatsa moni wa manja awiri ngati ndine mayi busa.

"Mwayenda bwanji?"

Ndinati mumtima, zimene ndinkaopa zija ndi izi.

Titapumula, akulu anga anati, "Tadala, aperekeze amako kudimba akaone mpiru wako." Mwanayo anatsogola osacheuka, ine pambuyo. Titangotsika pakhonde anaima n'kuloza pansi.

"Pano ndi pa Chibavi."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Tinafika pamjigo, pamene amayi ankakangana za ndowa.

"Apa ndi padepoti. Pamakhala phokoso, musaime."

Pankhokwe anati ndi pamsika. Kenako analoza chulu cha kuseri kwa khola la mbuzi.

"Katoto ndi uyo. Mwafika kuntchito."

Akulu anga anali akutitsatira ndi khasu paphewa. "Lamulungu lililonse ukangodula foni ankayenda njira imeneyi, kaya mvula kaya dzuwa," anatero. "Ndikamufunsa ankati akukuperekeza kuntchito, poti kumeneko ulibe wokulondolera."

Ndinakhala pansi pachulu pomwepo, chitenje kukamwa. Zaka zonse zija ndinkayenda mu Mzuzu nditasenza Mitundu ndi Nathenje kuti ndisatayike, osadziwa kuti kuno mwana wanga wamanga Mzuzu pabwalo kuti asanditaye.

Tadala anandiyang'ana kanthawi, kenako anatambasula dzanja.

"Amayi, dzukani tizipita kunyumba. Gwirani dzanja langa, inu mumasochera."