Nsawa Zomera Kuseri kwa Sitolo

Nditabwera kutchuthi kuchokera kusekondale, ndinapeza pamunda wa amayi, m'mphepete mwa msewu waukulu ku Katete, akumangapo masitolo. Mbewu ya nsawa imene amayi anasunga inali itadyedwa ndi chiswe, ndipo mtunduwo unali wathu wokha.

Mvula itagwa, nsawa zotsalira m'nthaka zinamera kuseri kwa sitolo ina. Amayi anatenga khasu kukazipalira, ine pambuyo.

"Mayi, mukulima pakhomo pa eni?" anaseka mmisiri wina.

"Nanga nsawazi munaziuza kuti tinachoka?" anatero amayi.

Ndinabwerera kusukulu zisanakhwime. Tchuthi chotsatira amayi anandionetsa kambale kamodzi ka nsawazo, nandiletsa kukazinga ngakhale imodzi. Ndinangonunkhiza. Zinkamvekabe fungo la dothi lofiira la munda uja.