Makapu Asanu a Madala

Tsiku limene abwana anamuuza kuti wangotsala ndi mwayi umodzi, mayi wina anakalira kubafa la pa ofesi, atatsegula mpopi kuti anthu asamve.

Anali wamasiye, wa ana awiri. Kwa zaka zisanu ankakolopa m'maofesi, uku akuphunzira kulemba mapulogalamu pa laputopu yong'aluka imene mlamu wake ankafuna kutaya. Kenaka anamutenga mongomuyesa pa kampani yotumiza mauthenga a pafoni, okumbutsa amayi tsiku la katemera wa ana.

Ntchito yake inkaoneka yaing'ono. Pulogalamu inkayenera kuyenda mumndandanda wa mayina, limodzilimodzi, n'kumachotsa mayi aliyense amene mwana wake wabayitsa kale. Koma mayina ena ankatsalira. Amayi makumi anayi analandira uthenga, n'kubereka ana ulendo wa kuchipatala, kukangobwezedwa.

"Mopu ndiye umawakhala awa," mnzake wina ananong'ona.

Pangodya pankakhala bambo waimvi, wosayankhulayankhula, amene onse ankamutchula kuti Madala. Mayiyo atatuluka kubafa kuja, Madala anamukodola, n'kundandalika makapu asanu patebulo.

"Achemwali, ikani chala pa kapu yachiwiri. Ichotseni. Kankhani otsalawa atseke mpata. Tsopano pitani pamalo achitatu."

Mayiyo anasuntha chala. Kapu imene inali yachitatu inali itasunthira pamalo achiwiri, kumbuyo kwa chala chake. Anali ataidumpha.

"Ndiye kuti ndikachotsa dzina, lotsatira limandizemba!"

"Eyatu. Inenso zinandigwetsapo, tsitsi lidakali bii. Nanga mutani?"

Mayiyo anayang'anitsitsa makapuwo.

"Ndiyambire kumapeto. Akamasuntha, azisuntha amene ndawaona kale."

Madala anangomwetulira. "Bwezani kapu yangayo, ndimwere tiyi."

Mayiyo anakonza pulogalamuyo, n'kuiyesa kakhumi. Dzina silinatsalenso. Kenaka anapempha manambala a amayi aja, n'kuwaimbira mmodzimmodzi kupepesa. Ena anamukalipira. Wina anati, "Zikomo mayi, sindinkadziwa kuti kuseri kwa mauthengawa kuli munthu."

Ntchito anamulemba. Lero akutsogolera anthu asanu ndi mmodzi, ndipo akamafotokoza mbiri yake sayamba ndi khama lake. Amayamba ndi kuthokoza mlamu wake ndi Madala, amene sanamuseke.

Inu amene mwalakwitsa ndipo manyazi akugwirani, musathawe. Funsani, konzani, pepesani. Ndipo mukadzadziwa, mudzakodole wina. Mtima usagwe, abale anga.